Mphindi Zitatu za Kakowa

Kankhirani chikunicho pakati ndipo musendere kuno, chifukwa nkhani iyi si yofuula. Anthu a kuseri kwa bwalo la ndege lija amaidziwa, koma amainena motafuna mawu, ena amaithira mchere mpaka kuwawa. Ine ndikuuzani monga inachitikira, ndipo wokayika akadzifunsire yekha kwa mwini nkhani, pakuti akadali moyo.

Mwini nkhaniyo ndi Ndaziona Chikhosi, mayi wamfupi koma wa mawu aakulu kuposa thupi lake. Ankagwira ntchito pansanja ya magalasi ija, pamene pamakhala anthu ouza ndege kuti iwe nyamuka, iwe dikira, iwe tera. Bwalolo ndi laling'ono, lilibe makina oonera ndege patali. Wa pansanja amadalira maso ake, wailesi, wotchi ya pakhoma ndi timapepala. Ndege iliyonse imakhala ndi kapepala kake, ndipo timapepalato amatisanja pathabwa monga momwe ndegezo zatsatanirana pamzere.

Panali lamulo limodzi limene Ndaziona sankalola kuti munthu aliseweretse. Chindege chachikulu chikanyamuka chimasiya akamvuluvulu m'mbuyo mwake, osaoneka ndi maso, koma amphamvu moti ndege yaing'ono ikalowamo imatembenuzika chagada. Ndiye yaing'onoyo iyenera kudikira mphindi zitatu zathunthu. Anzake ena ankabako timasekondi ntchito ikachuluka, koma iye ayi. Woyendetsa ndege akadandaula, ankangomuyankha kuti kuthamanga sikufika, maso ali pawotchi.

Khalidwe limeneli linamudanitsa ndi a Nsaliwa, bwana watsopano amene anachokera ku likulu chaka chomwecho. Amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo ka a Nsaliwa kankangometa nthawi basi. Iwo ndege ikachedwa pang'ono ankatuluka thukuta ngati mwaphedwa munthu. Anali atamulembera kale Ndaziona makalata awiri omuchenjeza.

"Yachitatu ikangotuluka, Mayi Chikhosi, mutsika pansanjapa, ndipo chiphaso chanu ndichibweza ku likulu," anamuuza tsiku lina, akumuloza ndi cholembera.

Chiphaso chimenecho Ndaziona anachivutikira zaka zinayi, ndipo pansanja ndi pamene mtima wake unali. Mawuwo anamupweteka, koma sanagwetse nkhope.

Mwezi wa Juni, chindege cha katundu chimene chinasiya kubwera zaka zambiri chinayambiranso kudzatenga tiyi. Sabata yomweyo chiperoni chinatsika m'phiri ndi nkhungu yake ndi kamvula kake kowaza. Apo m'pamene tinthu tinayamba.

Lolemba, Ndaziona anasanja timapepala tisanu pathabwa, n'kupita kukathira madzi m'ketulo. Pobwera anapeza tisanu ndi kamodzi. Kowonjezerako kanali kachikasu chifukwa cha kukalamba, kosalembedwa kanthu, ka mtundu umene anasiya kugwiritsa ntchito iye asanayambe ntchito. Anakataya m'bini. Lachiwiri anakapeza pathabwa pomwepo, kali konyowa pang'ono m'mbali.

Wailesi nayo inayamba zake. Inkati thee, ngati munthu watobwanya batani kuti alankhule, kenako kumangomveka kupuma, kenako zii. Akhwangwala amene ozimitsa moto ankalimbana nawo tsiku ndi tsiku pamsewu wa ndege anangosowa onse, osatsala ndi mmodzi yemwe. Ozimitsa motowo m'malo mokondwa anasiya bawo lawo, n'kumangokhala m'galimoto atatseka magalasi.

Lachinayi masana, wakabaza amene ankamunyamula anaima pamphambano n'kukana kudzera njira ya kudambo, yodutsa m'mbali mwa mpanda wa bwalo.

"Amayi, ndalama yanu sungani," anatero. "Nyengo ino uko ine sindipondako."

Ndaziona anamuseka kuti ndi wamantha, n'kuuyamba wapansi. Atafika pakati pa dambo anaona mayi ataima pampanda, wagwira waya ndi manja onse awiri, khanda lili kumsana, kasutikesi kachitsulo kali pambali. Chitenje chake chinali cha maluwa akalekale, ndipo ngakhale kamvula kankawaza, iye sankaphethira.

"Mwaswera bwanji, mayi?" anatero Ndaziona.

"Taswera, mwanawe," anayankha mayiyo osacheuka. "Inu ndinu a pamwamba paja? Kodi mutilola liti?"

Ndaziona anamuuza kuti okwera ndege amalowera kuchipata chachikulu, n'kupitirira. Atayenda pang'ono anakumbukira kuti khandalo silinagwedezeke n'komwe, ndipo anacheuka. Pampanda panalibe munthu, waya yekha ndi amene ankanjenjemera. M'malo mothamanga anakwiya, chifukwa sankakonda zinthu zomuchititsa manyazi pamaso pa iye mwini.

Pansanja anapeza a Mdoka, mnzake wa ntchito amene anatsala miyezi iwiri kuti apume. Anali munthu wofatsa, dzanja lawo lamanja linkanjenjemera, ndipo aliyense ankati ndi ukalamba. Ndaziona anawaponyera kapepala kachikasu kaja patebulo.

"Madala, mwakhala pano zaka zambiri. Masewera awa ndi a ndani?"

A Mdoka anakayang'ana kapepalako osakagwira. Anadzuka, anatseka chitseko, n'kukhalanso pansi.

"Achemwali, ameneyo ndi Kakowa," anatero. "Inali ndege yaing'ono ya injini ziwiri, ya kampani ina imene inatha kalekale. Zaka makumi atatu zapitazo, nyengo ngati ino, chindege cha katundu chinanyamuka. Mnyamata amene anali pampando wanuwo anaona nkhungu ikutseka, ndiye anati ndiwathandize anthuwa asagone pano. Anaiuza Kakowa kuti inyamuke mphindi imodzi isanathe. Sinafike patali. Inakagwera m'dambo mwadutsamo inumo."

"Ndiye?"

"Ndiye chindege cha katundu chikanyamuka m'chiperoni, Kakowa amabwera pamzere, amaitana pawailesi. Wina anayesapo kumunyalanyaza, n'kunyamutsa ndege ya amoyo. Woyendetsa anamanga mabuleki pakati pa msewu, matayala anaphulika, ndege inakathera m'udzu. Anatuluka akulumbira kuti waona mchira wa ndege ina patsogolo pake. Kuyambira pamenepo tinapangana mwambo wathu. Akangoitana, umamuyankha pompo kuti nyamukani, achoke msanga, msewu utsale woyera."

"Akanyamuka amapita kuti?"

A Mdoka anagwira dzanja lawo lonjenjemeralo ndi linzake.

"Umamva injini zikulira, kenako umamva kudambo kuti khuu, magalasi awa n'kugwedera. Basi. Ine ndamunyamutsa kasanu ndi kamodzi, achemwali. Phokoso limenelo limakutsata mpaka kunyumba."

Ndaziona anawayang'ana m'maso. Chimene chinamugwira sichinali mantha okha, unali mkwiyo.

"Ndiye kuti anthu anawagwetsa kamodzi, inu mwakhala mukuwagwetsa mobwereza?"

"Musalankhule chomwecho simunamumve," anatero a Mdoka motsitsa mawu. "Akaitana, pakamwa pamayankha pokha."

Tsiku lotsatira linali Lachisanu. Cha m'ma folo koloko madzulo kunja kunangoti mbuu, phiri losaoneka, koma msewu wa ndege unkaonekabe mpaka chapakati. Pathabwa panali timapepala tiwiri. Koyamba kanali ka chindege cha katundu. Kachiwiri kanali ka ndege ya madzulo, yocheperapo, yokhala ndi anthu makumi asanu ndi limodzi, woyendetsa wake Kaputeni Zgambo. Aliyense ankaona kuti nkhungu ikangowonjezera pang'ono, bwalo litsekedwa ndipo anthuwo agona pomwepo.

A Nsaliwa anakwera okha masitepe achitsulo a nsanja, akupuma wefuwefu.

"Mayi Chikhosi, m'ndege ya madzuloyo muli akuluakulu a ku likulu. Chindegechi chikangochoka, muitulutse. Lero sindifuna kumva za wotchi."

"Wotchi sindinaipange ndine, bwana," anayankha Ndaziona.

Pawailesi amalankhula Chingerezi chawo cha m'ndege, koma ine ndikuuzani m'chinenero chathu. Ndaziona analoleza chindege cha katundu. Chinabangula, nsanja yonse inanjenjemera, chinathamanga n'kumezedwa ndi nkhungu. Iye anayang'ana wotchi, n'kulemba nthawi pakapepala. Atabweza maso pathabwa anapeza kapepala kachikasu kaja kali pakati, patsogolo pa ka ndege ya madzulo.

Wailesi inati thee.

"Nsanja, kuno ndi Kakowa. Takonzeka kunyamuka."

Anali mawu a mwamuna, aulemu, otopa, omveka ngati akuchokera pansi pa madzi. Onse atatu, Ndaziona, a Mdoka ndi a Nsaliwa, anawamva. A Nsaliwa anayang'ana pawindo, pamsewu wa ndege panalibe kanthu, koma udzu wa m'mbali mwake unali utagona ngati ukukupizidwa ndi mphepo ya injini.

"Ndi ana akusewera ndi wailesi amenewo," anatero a Nsaliwa, koma mawu awo anatuluka opyapyala.

"Muyankheni, achemwali," ananong'ona a Mdoka. "Muuzeni apite."

Zoonadi, Ndaziona anamva mawu oti nyamukani akukwera okha kukhosi, lilime likufuna kuwatulutsa. Analuma mano. Anatobwanya batani.

"Kakowa, kuno ndi nsanja. Imani pomwepo. Musanyamuke."

A Mdoka anagwira kumutu. Wailesi inangoti zii. Kenako kunamveka Kaputeni Zgambo, amene ndege yake inali pakhomo la msewu kudikira.

"Nsanja, mukulankhula ndi ndani? Ndege yanga ikugwedezeka ngati kutsogoloku kuli ina."

"Inunso imani pomwepo, Kaputeni. Ndinu achiwiri pamzere."

Theka la mphindi linali litangodutsa. M'chipindamo munazizira mwadzidzidzi, ndipo munalowa fungo la matope a m'dambo losakanikirana ndi la mafuta. Wailesi inatinso thee.

"Nsanja, Kakowa. Nkhungu ikutseka. Tiloleni tipite."

"Ayi," anatero Ndaziona. "Dikirani."

Apo m'pamene masitepe achitsulo anayamba kulira kumunsi kwenikweni. Sanali mapazi a munthu mmodzi. Anali ambiri, okwera mosathamanga, ena olemera, ena opepuka, ndipo pakati pawo china chake chachitsulo chinkagunda sitepe iliyonse. A Nsaliwa, amene ankati ndi ana, anathamangira kuchitseko n'kuchikiya, kenako anabwerera chafutambuyo mpaka msana unagunda khoma.

"Auzeni azipita!" anakuwa. "Mayi Chikhosi, ndikukulamulani, auzeni azipita!"

"Yadutsa mphindi imodzi yokha, bwana."

"Ndi akufa amenewo! Mphindi zitatu ziwathandiza chiyani?"

"Akufa kaya amoyo, pansanja pano ndili ine. Palibe ndege inyamuke kumbuyo kwa chindege nthawi isanakwane. Mukafuna bwerani mudzandilande choyankhulirachi."

A Nsaliwa sanasunthe. Mapazi aja anafika pamwamba n'kuima kuseri kwa chitseko. Palibe anagogoda. Pansi pa chitseko panayamba kulowa timadzi takuda, pang'onopang'ono, tikuyenda molunjika kumpando wa Ndaziona. Iye anaopa, ndisakunamizeni. Koma maso sanawachotse pawotchi.

Mawu aja anabweranso, ndipo ulendo uno sanatulukire pawailesi pokha, anamvekanso kuseri kwa chitseko.

"Nsanja, n'chifukwa chiyani mukutikaniza? Anzanu onse amatilola."

"Anzangawo amakulolani chifukwa amakuopani," anayankha Ndaziona. "Kakowa, mverani. Kutsogolo kwanu kwanyamuka chindege cholemera. Chasiya akamvuluvulu panjira yanu. Mukanyamuka tsopano mulowa momwemo, ndipo mugwa. Mwatsala ndi mphindi imodzi ndi theka."

Wotchi ya pakhoma inapitiriza kugunda. Timadzi tija tinaima pafupi ndi nsapato yake.

"Tsiku lija sanatiuze," anatero mawuwo.

A Mdoka anayamba kulira ngati mwana, osabisa nkhope.

"Ndikukuuzani ine," anatero Ndaziona. Anatenga kapepala kachikasu kaja ndi cholembera. "Kakowa, muli anthu angati m'ndegemo?"

"Khumi ndi anayi. Ndi khanda."

"Khumi ndi asanu," anatero Ndaziona akulemba. "Khandanso ndi munthu. Onse abwerere m'mipando, amange malamba. Sindinyamutsa ndege anthu ali pamasitepe."

Inu, mukhulupirire kaya ayi, mapazi aja anatembenuka. Anatsika masitepe momwe anakwerera, mosathamanga, chitsulo chija chikugunda sitepe iliyonse mpaka phokoso linazilala kumunsi. Ndaziona anawerenga masekondi otsalawo ndi milomo, mpaka muvi wa wotchi unafika pamene ankaufuna. Anawonjezerapo kupuma kumodzi.

"Kakowa, njira yanu yayera. Nyamukani. Muyende bwino."

"Tikunyamuka, nsanja."

Injini ziwiri zinalira pamsewu wopanda kanthu. Nkhungu inang'ambika pakati motsata msewuwo, n'kutsekekanso. Kulirako kunakwera, kunadutsa pamwamba pa mpanda, kunafika pamwamba pa dambo. A Mdoka anatseka makutu ndi manja, mapewa atakwera, kudikira chimene anachimva kasanu ndi kamodzi. Masekondi khumi anadutsa, kenako makumi awiri. Magalasi sanagwedere. Kulira kwa injini kunangocheperachepera chakumpoto.

Wailesi inati thee komaliza, mawu ali patali kwambiri.

"Nsanja, Kakowa. Tabowola mitambo. Kuno kuli dzuwa. Tsalani bwino, mayi."

Munthu wamantha akapulumuka amasanduka wolusa, ndipo a Nsaliwa sanachedwe. Anakonza tayi, anayang'ana panja, anaona kuti msewu ukuonekabe pang'ono.

"Chabwino, zatha. Tsopano tulutsani ndege ya madzulo. Msanga!"

"Sizitheka, bwana. Kakowa ndi yoyenda pang'onopang'ono, ya Kaputeni Zgambo ndi yaliwiro, ndipo njira yawo ndi imodzi. Ikanyamuka pano ikaipeza m'mitambo. Lamulo likuti mphindi zisanu."

"Mukufuna kuchedwetsa anthu makumi asanu ndi limodzi chifukwa cha ndege yoti kulibe?"

"Mwaimva ndi makutu anu, ndipo chitseko mwakiya ndinu."

Mphindi zisanuzo zisanathe, nkhungu inatseka bwalo lonse moti ngakhale magetsi a pamsewu sankaoneka. Ndege ya madzulo inabwerera pamalo ake, anthu anatsika akung'ung'udza, akuluakulu a ku likulu aja akufunsa dzina la amene wawagoneka panjira. Kaputeni Zgambo yekha ndi amene ananena pawailesi kuti, "Nsanja, ine sindinaone kanthu, ndipo sindidzanena kanthu. Koma zikomo."

A Nsaliwa anatsegula buku lalikulu la pansanja, m'mene amalemba ndege zonse zotera ndi zonyamuka, n'kulikankhira kwa Ndaziona. Tsopano ankalankhula mofatsa, ngati munthu wofuna kukuthandiza.

"Mayi Chikhosi, tiyeni tithandizane. Lembani kuti madzulo ano yanyamuka ndege imodzi, ndipo ya madzulo yalephera chifukwa cha nkhungu. Kapepala kachikasuko tikaotche. Mukatero kalata yachitatu sindilemba, ntchito yanu ipitirira. Koma mukalemba za Kakowa m'buku la boma, madokotala adzati mutu wanu sukuyenda bwino, ndipo pampando uwu simudzakhalaponso."

"Lembani momwe akuneneramo, achemwali," anachonderera a Mdoka. "Mwachita kale chachikulu. Ife tonse sitinkalemba."

Ndaziona anayang'ana mpando wake, thabwa lake la timapepala, ndi magalasi amene ankaonera dzuwa likutuluka m'mawa uliwonse. Ankadziwa kuti a Nsaliwa sakunama, ndipo mtima unamuwawa kwambiri. Anatenga cholembera.

"Zaka makumi atatu anthu awa akhala akugwa popanda wowalemba," anatero. "Lero anyamuka bwino, ndiye ndiwafufute?"

Analemba ndi zilembo zazikulu, zooneka: chindege cha katundu, nthawi yake. Pansi pake analemba Kakowa, anthu khumi ndi asanu, yanyamuka patadutsa mphindi zitatu, yafika pamwamba pa mitambo. Anasaina dzina lake lonse, anamata kapepala kachikasu patsambalo, n'kupereka cholembera kwa a Nsaliwa.

"Kalata yanuyo lemberani chomwechi, bwana. Chikulemba bwino."

Anatsegula yekha chitseko, n'kutsika masitepe amene anali akadali onyowa.

Chiphaso anamulandadi mwezi womwewo. Lero Ndaziona amagwira ntchito m'kachipinda ka pansi, kosungira katundu wosokera, ndipo anyamata atsopano a pansanja akamadutsa amakodolana kuti mayi wamisala uja ndi ameneyo. Iye amangopitiriza ntchito yake. Chindege cha katundu chimanyamukabe m'chiperoni chaka ndi chaka, ndipo wailesi ya pansanja sinaitanidwenso ndi mawu aja.

Ndinamufunsapo tsiku lina ngati samadandaula. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana.

"Kudandaula ndimadandaula, nsanja ija ndimaisowa tsiku lililonse," anatero. "Koma pa ndege zonse zimene ndinanyamutsa ine, palibe inagwa. Ngakhale imene inali itagwa kale."

Yanga yathera pomwepa. Fumbirani motowo, ndipo amene njira yake ikudzera kudambo apite mosaopa, kulibenso woima pampanda.